Mabungwe a amayi ku Syria: mafunso ndi mayankho

Dziko la Syria limatchuka ndi nkhani za nkhondo, koma anthu akamva za amayi a kumeneko amabwereza mafunso omweomwewo: ankawayankhulira ndani, ankawaphunzitsa ndani, nanga zinthu zitasokonekera anawagwira dzanja ndani. Mafunsowo tawasonkhanitsa pano, kuyambira osavuta.

Kodi ku Syria kuli bungwe limodzi loyimira amayi a dziko lonse?

Linalipo, koma pano kulibe. Kwa zaka 50, kuyambira 1967 mpaka 2017, kunali bungwe la General Union of Syrian Women. Linakhazikitsidwa ndi lamulo la boma patangodutsa zaka 4 chipani cha Ba'ath chitalanda ulamuliro mu 1963. Likulu lake linali ku Damascus, nthambi zake zinali m'zigawo zonse 14 za dzikolo, ndipo pansi pa nthambizo panali timagulu ta m'matauni ndi m'midzi.

Silinali bungwe lodziyimira palokha. Chipani cha Ba'ath chinkamangira gulu lililonse la anthu khola lakelake: ogwira ntchito lawo, alimi lawo, ophunzira lawo, achinyamata lawo, mpaka ana a ku pulayimale. Amayi nawo anapatsidwa lawo. Ndalama zinkachokera ku boma, ndipo atsogoleri ake ankakhala anthu a m'chipani.

Nanga chisanafike chaka cha 1967 amayi analibe mabungwe?

Anali nawo, odziyambitsira okha. Mu 1910, dzikolo likadali m'manja mwa ufumu wa Ottoman, Mary Ajami anayamba kusindikiza magazini ya amayi yotchedwa al-Arus. Mu 1919 Nazik al-Abid anayambitsa bungwe la Nur al-Fayha lophunzitsa atsikana. Chaka chotsatira anayambitsanso bungwe la Red Star losamalira ovulala, ndipo pa 24 Julayi 1920, pomwe asilikali a France anakumana ndi a Syria ku Maysalun, iye anali komweko pamodzi ndi anamwino ake. A France ndiwo anapambana, ndipo mayiyu anathamangitsidwa m'dzikomo.

Miyezi itatu nkhondoyo isanachitike, aphungu omwe ankakumana ku Damascus anali atakambirana ngati amayi angaloledwe kuponya voti. Sanamvane, nkhaniyo anayiyika pambali, atsamunda n'kulowa. Panadutsa zaka 29. Mu 1949 ndi pomwe amayi analoledwa kuvota, koma okhawo omwe anali ndi satifiketi ya ku pulayimale. Mu 1953 chitseko chinakula, ndipo mphunzitsi wina, Thuraya al-Hafez, anapikisana nawo pa chisankho cha aphungu. Sanapambane, koma anali mayi woyamba kuyesa.

M'zaka za pakatizo dzina lomveka kwambiri linali la Adila Bayhum al-Jazairi, yemwe anathandiza kutsegula sukulu ya atsikana ya Dawhat al-Adab ndipo anatsogolera mgwirizano wa mabungwe a amayi kuyambira 1933 mpaka 1967. Mu 1930 mzinda wa Damascus unalandira msonkhano wa amayi ochokera m'maiko osiyanasiyana a kummawa. Mu 1948 kunabadwa Syrian Women's League, bungwe lomwe linali pafupi ndi chipani cha Chikomyunizimu. Limeneli mulikumbukire, litulukanso pansipa.

Chofooka cha mabungwe oyambirirawa chinali chakuti ambiri ankayendetsedwa ndi ana aakazi a mabanja ochita bwino a m'mizinda. Mayi wothyola thonje m'mbali mwa mtsinje wa Euphrates sankawaona. Mpata umenewo ndi womwe bungwe la boma linati labwera kudzatseka, ndipo litafika, akalewo ena anamezedwa, ena anatsala ndi ntchito yogawa thandizo basi.

Kodi bungwe la General Union linkamuchitira chiyani mayi wamba?

Ntchito yake yodziwika koposa inali sukulu za kwacha. M'midzi ya m'zigawo monga Raqqa, Deir ez-Zor ndi Hasakah, komwe atsikana ambiri sankapita patali ndi sukulu, amayi ankasonkhana akaweruka kumunda n'kumaphunzira zilembo za Chiarabu, zija zoyambira kumanja kupita kumanzere. Phindu lake linali looneka ndi maso. Mayi ankatha kuwerenga zolembedwa pa botolo la mankhwala a mwana, kudziwa komwe basi ikupita popanda kufunsa munthu, ndi kulemba dzina lake pa chikalata m'malo modinda chala.

Ntchito yachiwiri inali maphunziro a luso: kusoka pa makina, kuluka, kupeta nsalu, kukonza tsitsi, kutayipa, ndipo kenaka kompyuta. Womaliza ankalandira satifiketi, ena n'kugula makina awoawo n'kumasokera pakhomo.

Yachitatu, yomwe amayi a pantchito ankayiyamikira kwambiri, inali sukulu zamkombaphala ndi malo osiyako makanda pa mtengo wotsika. Mphunzitsi kapena kalaliki wa m'boma ankasiya mwana m'mawa n'kudzamutenga akaweruka. Popanda zimenezi amayi ambiri akanasiya ntchito atangobereka mwana woyamba.

Panalinso maphunziro a zaumoyo, monga katemera, kuyamwitsa ndi kulera, komanso uphungu wa zamalamulo. Ndipo tisabise, panalinso ntchito yodzaza mabwalo tsiku lomwe chipani chili ndi msonkhano.

Zinathandizadi, kapena zinali za pa pepala?

Zinathandiza, koma osati zokha. Mu 1981 amayi akuluakulu odziwa kulemba ndi kuwerenga anali pafupifupi 37 pa 100 alionse. Pofika 2004 anali pafupifupi 74. Gawo lalikulu la kusinthaku linachokera ku sukulu zaulere za boma ndi lamulo lokakamiza mwana aliyense kuphunzira, koma amayi omwe msinkhu wa sukulu unali utawapitirira ankafikiridwa ndi sukulu za kwacha zija. Nkhondo isanayambe, atsikana anali pafupifupi theka la ophunzira m'mayunivesite. Najah al-Attar anakhala nduna yoyamba yachizimayi mu 1976, ndipo mu 2006 anakhala wachiwiri kwa pulezidenti. M'nyumba ya malamulo ya aphungu 250 amayi ankakhalamo pafupifupi 30.

Koma pa ntchito zolipidwa zinthu sizinayende choncho. Mu 2010 amayi ogwira ntchito kapena ofunafuna ntchito anali pafupifupi 13 okha pa 100 alionse. Satifiketi yosoka inalipo, digiri inalipo, koma ambiri ankathera pakhomo.

Ngati linkagwira ntchito yotere, bwanji amayi ambiri a ku Syria amalidandaula?

Chifukwa linatenga malo onse. Lamulo la mabungwe la nambala 93 la mu 1958 linkafuna kuti bungwe lililonse lipeze chilolezo ku unduna woona za chisamaliro cha anthu, ndipo apolisi achinsinsi ankayamba afufuza mayina a oyambitsa. Amayi akapita kukalembetsa bungwe lomenyera ufulu wawo, yankho linkakhala lakuti nkhani za amayi zili kale ndi mwini wake, ndiye bungwe lina n'lachiyani. Motero Syrian Women's League, yomwe inaliposa bungwe la bomalo ndi zaka 19, inkagwira ntchito yopanda chilolezo, ikudziwa kuti tsiku lililonse akhoza kuyitseka.

Chitsanzo chomveka ndi cha bungwe laling'ono la Social Initiative, lomwe linali ndi chilolezo ndipo linkafunsa anthu maganizo awo pa malamulo a m'banja. Atsogoleri ena achipembedzo analidzudzula m'mizikiti, ndipo kumayambiriro kwa 2007 unduna unalithetsa.

Vuto lina linali m'kati mwa General Union momwemo. Bungwe lomwe malipiro ake amachokera ku boma silingaime pakhomo la bomalo n'kumakuwa. Linkalemba malipoti, linkapempha mwaulemu kuti malamulo ena asinthe, koma akulu a chipani akaona kuti nkhaniyo ikwiyitsa atsogoleri achipembedzo, inkathera pomwepo. Ulamuliro wa banja la Assad, lomwe linkatsogolera dzikolo, unkakonda kuonetsa alendo nduna zachizimayi ndi atsikana ovala yunifolomu, uku malamulo a ukwati ukuwasiya momwe analili pofuna kusunga ubale ndi mashehe. Pa nkhani ya kuwerenga ndi kusamalira ana bungweli linachita zambiri. Pa nkhani ya malamulo, omwe anavala zilimbe anali ang'onoang'ono opanda chilolezo aja.

Ndi malamulo ati omwe amayi akhala akulimbana nawo?

Lalikulu ndi lamulo la za m'banja la nambala 59 la mu 1953, lomwe maziko ake ndi malamulo a Chisilamu. Akhristu ndi a chipembedzo cha Druze ali ndi makhoti awo pa nkhani zina za ukwati. Mwa zina, lamuloli limalola mitala ngati woweruza wavomera, limalola mwamuna kuthetsa banja ndi mawu ake pomwe mkazi ayenera kukapempha kukhoti kapena kubweza zina, ndipo pa chuma chamasiye mwana wamkazi amalandira theka la zomwe mlongo wake walandira. Mayi akhoza kukhala ndi ana banja likatha, koma wosayina zikalata zawo zikuluzikulu amakhala bambo kapena mwamuna wa kuchimuna.

Lasinthidwa pang'onopang'ono. Mu 2003 anakweza msinkhu womwe ana amakhala ndi mayi wawo kufika zaka 13 kwa anyamata ndi 15 kwa atsikana. Mu 2009 kunatuluka chikalata cha lamulo latsopano chomwe chinali chokhwima kuposa lakalelo. Amayi omenyera ufulu, maloya ndi atolankhani anachita phokoso mpaka boma linachibweza. Mu 2019 msinkhu wokwatira unaikidwa pa zaka 18 kwa onse, ngakhale woweruza akhoza kulolabe wa zaka 15. Kale malire amenewa kwa mtsikana anali zaka 13. Kusintha kwa 2019 kunalimbitsanso mwayi woti mkazi alembetse zofuna zake m'chikalata cha ukwati, monga kuti adzapitiriza ntchito.

Malamulo ena awiri, la unzika ndi la kupha m'dzina la ulemu, ali ndi mafunso awoawo.

Ndi zoona kuti mayi wa ku Syria sangapatse mwana wake unzika?

Ndi zoona. Lamulo la nambala 276 la mu 1969 limati unzika umachokera kwa bambo. Mwamuna wa ku Syria akakwatira mlendo, ana ake ndi nzika kulikonse komwe abadwire. Mkazi akakwatiwa ndi mlendo, ana ake ndi alendo ngakhale atabadwira m'nyumba ya agogo awo ku Homs. Mpata wokhawo ndi wa mwana wobadwira m'dzikomo yemwe bambo wake sakudziwika mwalamulo, ndipo ndi amayi ochepa omwe angalole kulembetsa mwana mwa njira imeneyo chifukwa cha manyazi omwe amatsatira.

Syrian Women's League inayamba kampeni yolimbana ndi lamuloli mu 2004. Inatolera maumboni a amayi, inasonkhanitsa anthu osayina, ndipo nkhaniyo inafika m'manja mwa aphungu. Boma linakana. Chifukwa chomwe chinkaperekedwa kawirikawiri chinali chakuti ana a amuna a ku Palestine akapatsidwa unzika adzataya ufulu wobwerera kwawo. Panalinso nkhani ya Akurdi pafupifupi 120,000 omwe analandidwa unzika pa kalembera wa mu 1962 ku Hasakah, omwe ana awo ankabadwa opanda dziko ngakhale mayi atakhala nzika.

Mu 2003 Syria inalowa m'pangano la United Nations lothetsa tsankho kwa amayi, lotchedwa CEDAW, koma inakana ndime zingapo, kuphatikizapo ya unzika wa ana ndi ya ukwati.

Nanga za kupha mkazi "poteteza ulemu wa banja"?

Ndime 548 ya malamulo a milandu inkapepukitsa, nthawi zina kufafaniziratu, chilango cha mwamuna yemwe wapha mkazi wake, mlongo wake kapena mwana wake ponena kuti wamupeza akuchita chigololo. Mu 2005 gulu la Syrian Women Observatory linayamba kampeni pa intaneti, likulemba imfa iliyonse yomwe lamva ndi kutolera mayina a otsutsa ndimeyi. Mu Januwale 2007 mtsikana wa zaka 16 anaphedwa ndi mlongo wake ku Damascus patangopita nthawi yochepa atakwatiwa, ndipo nkhaniyo inagwedeza dziko lonse moti ngakhale mufti wamkulu, mtsogoleri wa zachisilamu m'dzikomo, anadzudzula poyera. Mu 2008 boma linachititsa msonkhano wa dziko lonse pa nkhaniyi.

Mu 2009 anaika chilango chosachepera zaka 2, mu 2011 anachikweza kufika zaka 5 mpaka 7, ndipo mu Malichi 2020 ndimeyo inachotsedwa. Kampeniyo inatenga zaka 15. Maloya amakumbutsabe kuti ndime 192, yomwe imalola woweruza kuchepetsa chilango ngati waona kuti cholinga cha wopalamula chinali "cholemekezeka", sinachotsedwe nthawi imeneyo.

Mayi womenyedwa m'banja ankathawira kuti?

Kwa nthawi yaitali kunalibe kothawira, kupatula kwa makolo, omwe kawirikawiri ankamubweza. Nyumba yoyamba yobisalako amayi inatsegulidwa ku Damascus mu 1996, osati ndi boma kapena General Union, koma ndi masisitere a Good Shepherd motsogozedwa ndi Sisitere Marie-Claude Naddaf. Ankalandira aliyense, Msilamu kapena Mkhristu, ndipo pambuyo pake anatsegula nambala ya foni yoti ovutika aziyimbapo. Mu 2008 bungwe la Association for Women's Role Development linatsegula nyumba ina yotchedwa Oasis of Hope.

Apa General Union iyenera kupatsidwa ulemu wake. Kafukufuku woyamba wamkulu wa nkhanza za m'banja, yemwe anatuluka mu 2006 mothandizidwa ndi nthambi ya United Nations yoona za amayi, anachitika pansi pa bungweli. Anafunsa mabanja pafupifupi 1,900 ndipo anapeza kuti pafupifupi mkazi mmodzi mwa anayi alionse apabanja anamenyedwapo. M'dziko lomwe nkhaniyi inkaonedwa ngati ya kuchipinda, kuti bungwe la boma litulutse chiwerengero chotere sichinali chinthu chaching'ono.

Mabungwe a Asma al-Assad anali mbali ya General Union?

Ayi. Mkazi wa Bashar al-Assad, yemwe anali pulezidenti nthawi imeneyo, anayambitsa akeake: FIRDOS mu 2001 yopereka ngongole zing'onozing'ono m'midzi, MAWRED mu 2003 yothandiza amayi a bizinesi, ndipo mu 2007 ntchito zambiri anazisonkhanitsa pansi pa Syria Trust for Development. Amenewa ndiwo ankakopa ndalama za akunja ndi atolankhani, General Union n'kumaoneka yachikale. Panthawi ya nkhondo thandizo lambiri lakunja lopita m'madera a boma linkadutsa ku Syria Trust, ndipo otsutsa ankati njira imeneyi inkalimbitsa banja lolamula.

Kodi al-Qubaysiyat ndi ndani?

Ndi gulu la amayi Achisilamu lomwe anayambitsa Munira al-Qubaysi m'zaka za m'ma 1960. Linkaphunzitsa Qur'an m'nyumba za anthu mwakachetechete, linali ndi sukulu zambiri za ana, ndipo mu 2006 linaloledwa kuphunzitsa poyera m'mizikiti. Silinkamenyera kusintha malamulo a m'banja ndipo linkapewa kukangana ndi boma, koma ku Damascus linafikira amayi ambiri kuposa mabungwe onse omenyera ufulu kuwaphatikiza.

Chifukwa chiyani General Union inathetsedwa?

Mu Epulo 2017 Bashar al-Assad anasayina lamulo lothetsa bungweli, ndipo katundu ndi ntchito zake zinapita ku maunduna a boma, makamaka woona za chisamaliro cha anthu ndi ntchito. Pofika nthawi imeneyo nthambi zake zambiri zinali m'madera omwe boma linali litataya kapena omwe anali mabwinja, ndipo nkhani za mabanja zinali zitapatsidwa kale ku komiti ya boma ya Syrian Commission for Family Affairs, yomwe inakhazikitsidwa mu 2003. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale ena mwa omwe ankalidzudzula sanakondwere. Ankafuna kuti limasulidwe ku chipani, osati lifafanizidwe ndi siginecha imodzi pa nthawi yomwe amayi amasiye anali atachuluka kuposa kale lonse.

Nkhondo itabuka mu 2011, anagwira ntchito ya amayi ndani?

Amayi eni ake, m'timagulu tambirimbiri. Kuopsa kwa zinthu kunali kotere: bungwe la United Nations linawerengera anthu wamba oposa 306,000 ophedwa m'zaka 10 zoyambirira, anthu oposa 6 miliyoni anathawira kunja, ndipo ena pafupifupi 7 miliyoni anasamuka m'dziko momwemo. Amuna anafa, anamangidwa, anathawa usilikali. Amayi omwe anali asanagwirepo ntchito yolipidwa anapezeka akudyetsa mabanja, moti pofika 2021 chiwerengero cha 13 pa 100 chija chinali chitafika pa 26.

Ku Kafranbel, m'chigawo cha Idlib, Ghalia Rahal anali ndi saluni. Mabomba atayamba kugwa, amayi ankabisala m'chipinda chapansi cha saluniyo, ndipo mu 2013 iye anasandutsa malowo kukhala likulu la amayi lotchedwa Mazaya. Ankaphunzitsa chithandizo choyamba kwa ovulala, kusoka, kuluka, kukonza tsitsi ndi kuwerenga. Mu 2014 anthu osafuna kuona amayi akusonkhana analitentha. Analikonzanso, ndipo anatsegula nthambi zina m'midzi yozungulira.

Women Now for Development inayambitsidwa mu 2012 ndi mlembi Samar Yazbek ali ku Paris. Inatsegula malo ku Idlib, ku Eastern Ghouta komanso m'chigwa cha Bekaa ku Lebanon komwe kunali othawa kwawo ambiri. Mukaona mndandanda wa maphunziro ake, kuwerenga, kompyuta, unamwino, chipinda chosiyamo ana, mungaganize kuti ndi General Union yabwerera. Kusiyana kwake kunali kwakuti amenewa ankaphunzitsanso utsogoleri ndi ufulu, ndipo ankapereka uphungu kwa amayi otuluka kundende, omwe ena mwa iwo ankakanidwa ndi amuna awo poganiza kuti anagwiriridwa. Malo a ku Ghouta anatha mu 2018 boma litalanda deralo.

Ntchitoyi inali ndi mtengo wake. Samira Khalil, yemwe anakhalapo m'ndende zaka 4 mu ulamuliro wa Hafez al-Assad, bambo ake a Bashar, anatsegula malo a amayi ku Douma, pafupi ndi Damascus. Pa 9 Disembala 2013 anthu a mfuti anamuba pamodzi ndi loya Razan Zaitouneh ndi anzawo awiri, Wael Hamada ndi Nazem Hammadi, m'dera lomwe linali m'manja mwa gulu la zigawenga. Sanaonekenso.

Bwanji nkhani ya anthu osowa imatengedwa ngati nkhani ya amayi?

Chifukwa ambiri mwa anthu oposa 100,000 omwe anazimiririka ndi amuna, ndipo otsala ndi akazi awo, amayi awo ndi alongo awo. Mkazi wa munthu wosowa si wamasiye komanso si wapabanja. Sangagulitse nyumba, sangagawe chuma, sangakwatiwenso, ndipo zikalata zina za ana zimafuna siginecha ya bambo. Lamulo limalola khoti kulengeza kuti munthu wosowa pa nkhondo anamwalira pakadutsa zaka 4, koma amayi ambiri amakana kusayina imfa ya munthu yemwe sanaone mtembo wake.

Mu 2017 amayi angapo anayambitsa gulu la Families for Freedom. Mmodzi wa iwo ndi Fadwa Mahmoud, yemwe mwamuna wake Abdulaziz al-Khair ndi mwana wake Maher Tahan anasowa mu Seputembala 2012 atangochoka pa bwalo la ndege la Damascus. Gululi linatenga basi yofiira yosanja, n'kuyimata zithunzi za osowa, n'kuyendera nayo London, Paris ndi Berlin. Khama lawo pamodzi ndi magulu ena a mabanja linachititsa kuti mu Juni 2023 United Nations ikhazikitse bungwe lapadera lofufuza anthu osowa ku Syria. Ndende ya Sednaya itatsegulidwa mu Disembala 2024 boma la Assad litagwa, omwe anatulukamo amoyo anali ochepa poyerekeza ndi omwe ankayembekezeredwa.

Kumpoto chakummawa, kwa Akurdi, zinali zosiyana?

Zinali zosiyana kwambiri. Kumeneko bungwe lalikulu ndi Kongra Star, lomwe linayamba mobisa mu 2005 ndi dzina la Yekîtiya Star. Asilikali a boma atachoka m'madera ambiri mu 2012, bungweli linakhazikitsa nyumba zotchedwa Mala Jin, komwe mayi amapita ndi dandaulo la nkhanza, ukwati wokakamizidwa kapena chuma chamasiye, ndipo amayi anzake amayitana mbali zonse kuti amve nkhani. Ikakanika imapita kukhoti. Mu 2014 olamulira deralo analetsa mitala ndi ukwati wa ana, n'kulamula kuti chuma chamasiye chizigawidwa mofanana. Udindo uliwonse waukulu unkakhala ndi atsogoleri awiri, mwamuna ndi mkazi. Mu Novembala 2018 anatsegula mudzi wa amayi ndi ana okhaokha wotchedwa Jinwar.

Pa pepala, palibe dera lina la Syria lomwe linafika pamenepa. Koma m'madera a Aarabu monga Raqqa ndi Deir ez-Zor malamulowa sankatsatidwa mofanana, ndipo Kongra Star nayo ili pafupi kwambiri ndi chipani cha Akurdi cha PYD, choncho funso lomwe tafunsa za General Union likugwiranso ntchito pano. Malipoti a United Nations anadzudzulanso kulemba ana, kuphatikizapo atsikana, usilikali m'derali.

Amayi ankakhala nawo pa zokambirana za mtendere?

Pang'ono. Mu 2016 nthumwi ya United Nations, Staffan de Mistura, inakhazikitsa komiti ya amayi 12 yoyilangiza. Ena anayamikira, ena anati kulangiza si kukhala pa tebulo. Mu 2017 amayi otsutsa boma anayambitsa Syrian Women's Political Movement ku Paris, akufuna mipando yosachepera 30 pa 100 ilionse. Komiti yolemba malamulo oyendetsera dziko yomwe inayamba kukumana ku Geneva mu 2019 inayandikira chiwerengero chimenecho, kungoti komitiyo sinatulutse kanthu.

Zasintha bwanji chigwereni Assad?

Bashar al-Assad anathawa pa 8 Disembala 2024. Pasanathe milungu iwiri, mneneri wina wa olamulira atsopano ananena kuti chibadwa cha mkazi sichigwirizana ndi maudindo ena, ndipo anthu mazanamazana anakachita zionetsero pa bwalo la Umayyad ku Damascus. Aisha al-Dibs anasankhidwa kutsogolera ofesi yoona za amayi, koma naye anakwiyitsa ambiri atanena kuti sadzapereka mpata kwa mabungwe osagwirizana ndi maganizo ake. Kwa amayi omwe anakumbukira yankho la unduna lija, mawuwo sanali achilendo.

M'boma lomwe mtsogoleri watsopano Ahmed al-Sharaa analengeza pa 29 Malichi 2025, mwa nduna 23 mayi anali mmodzi, Hind Kabawat, yemwe anapatsidwa unduna wa chisamaliro cha anthu ndi ntchito, womwe umalembetsa mabungwe. Pa chisankho cha aphungu cha mu Okutobala 2025, chomwe anavota ndi nthumwi zosankhidwa osati anthu onse, amayi anapeza mipando 6 mwa 119. Mu Julayi chaka chomwecho Amnesty International inati inalandira malipoti odalirika a amayi ndi atsikana a gulu lachipembedzo la Alawite osachepera 36 omwe anabedwa m'madera a kugombe ndi apakati.

Mbali ina, mabungwe omwe kwa zaka zoposa 10 ankagwirira ntchito kunja, ku Gaziantep m'dziko la Turkey, Beirut ndi Berlin, anayamba kuchititsa misonkhano poyera ku Damascus, chinthu chomwe kale chikanawalowetsa m'ndende.

Mayi yemwe wabwerera kwawo lero amafuna thandizo lanji choyamba?

Ambiri amaganiza chakudya ndi pogona, ndipo n'zoona, chifukwa anthu pafupifupi 90 pa 100 alionse m'dzikomo ali pa umphawi. Koma ogwira ntchito m'mabungwewa amathera nthawi yambiri pa mapepala. M'zaka za nkhondo maukwati ambiri anamangidwa ndi shehe pamaso pa mboni popanda kulembetsa kuboma. Ana anabadwira m'misasa kapena m'madera omwe maofesi a kalembera sankagwira ntchito. Nyumba zambiri zili m'dzina la mwamuna yemwe anamwalira kapena anasowa.

Ndiye loya wa bungwe amayenda ndi mayiyo sitepe ndi sitepe. Choyamba amapita kukhoti la za m'banja ndi mboni kukatsimikiza kuti ukwati unalipo. Kenaka khoti litsimikize kuti anawo ndi a mwamunayo. Chigamulocho apite nacho ku ofesi ya kalembera kuti ana alowe m'kabuku ka banja, komwe kamafunika pa nkhani za sukulu, za mayeso ndi za chiphaso. Ngati mwamuna anamwalira, pafunikanso chikalata cha imfa, kenaka chikalata chotchula olowa chuma, ndipo pamenepo ndi pomwe nkhani ya nyumba ingayambike. Ngati bambo wa anawo anali mlendo, monga ena mwa omwe anabwera kudzamenya nkhondo, ulendowo umaima pa lamulo la unzika la mu 1969 lomwe tafotokoza pamwambapa.